Momwe mungajambulire mapiri amchenga a ku Namib ndi kuwala kwa dzuwa

Anthu ambiri amene amafika ku Sossusvlei, chigwa chozunguliridwa ndi mapiri amchenga m'chipululu cha Namib ku Namibia, amabwerako ndi zithunzi zosafanana n'komwe ndi zimene zinawakopa pa intaneti. Phiri ndi lomwelo, kamera ndi yodula, koma chithunzi chatuluka chotuwa ngati mulu wa mchenga womangira nyumba. Kamera ilibe mlandu. Anafika dzuwa litakwera kale. M'chipululu mulibe nkhalango kapena mtsinje woyenda woti ukometse chithunzi. Chimene chimapatsa phiri lamchenga thupi ndi mthunzi wake, ndipo mthunziwo suchedwa kutha.

Choyamba, konzani za kogona musanaganize n'komwe za kamera. Malowa ali mu Namib-Naukluft National Park, ndipo polowera ndi pa Sesriem pamene pali zipata ziwiri. Chakunja chimatsegulidwa dzuwa likamatuluka, pomwe chamkati chimatsegulidwa pafupifupi ola limodzi dzuwa lisanatuluke, kwa okhawo amene agona mkati mwa paki. Kuchokera pa Sesriem kukafika ku Sossusvlei ndi makilomita pafupifupi 60, ndipo liwiro lololedwa ndi makilomita 60 pa ola. Werengetsani nokha. Mukagona kunja, ola labwino kwambiri la tsikulo lidzakutherani muli m'galimoto. Bola kugona m'tenti pa kampu ya mkati kusiyana ndi bedi lawofuwofu la kunja kwa chipata. Tengani juzi, chifukwa m'miyezi ya June ndi July m'bandakucha wa kumeneko umazizira mpaka zala kuuma.

Kenako sankhani poima. Phiri lotchuka la Dune 45 linapatsidwa dzinali chifukwa lili pa makilomita 45 kuchokera pa Sesriem, ndipo lili m'mbali mwenimweni mwa msewu wa tara. Ambiri akangotsika galimoto amathamangira kukwera. Inu musatero. Imani pansi, chapatali ndithu, pamalo pomwe dzuwa likuwomba phirilo kuchokera m'mbali, osati kumbuyo kwanu. Tinazolowera lamulo la pa ukwati lakuti dzuwa likhale kumsana kwa wojambula kuti nkhope zioneke. Kuno lamulolo limapha chithunzi, chifukwa mthunzi wonse umabisala kuseri kwa phiri. Dzuwa likakhala kumanja kapena kumanzere kwanu, msana wa phiri umasanduka mzere wakuthwa wokhota ngati njoka, mbali ina ili psuu, inayo ili bii. Kufiirako kumachokera ku dzimbiri la chitsulo lomwe linakuta timchenga, ndipo kumaoneka bwino dzuwa likadali pansi pamene kuwala kwake n'kofiirira. Likakwera, mtundu umasuluka.

Lenzi yokoka zakutali ndi imene imagwira ntchito kwambiri pano kuposa yotambalala. Yotambalala imachepetsa phiri n'kudzaza chithunzi ndi thambo lopanda kanthu. Ndi yokoka mumadula kachigawo kamodzi kokha: mzere wa msana, mtengo umodzi patsinde, kapena munthu mmodzi akukwera ngati nyerere. Kamunthu kameneko musakathamangitse, ndi kamene kamauza woona kukula kwa phirilo.

Tsopano nkhani yotchera kamera, yomwe ndi pamene ambiri amagwera. Kamera ikaona theka la chithunzi lili lakuda imaganiza kuti kwada, ndiye imawalitsa zonse. Mthunzi umatuwa, mbali yofiira imapsa n'kukhala yoyererako. Muiletse. Yezani kuwala pa mbali imene dzuwa likuwomba, kenako tsitsani exposure (kuchuluka kwa kuwala kolowa m'kamera) pang'ono mpaka kufiira kutabwerera, mthunzi muusiye ude. ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) ikhale 100, aperture (kukula kwa kabowo kolowera kuwala mu lenzi) pa f/8 kapena f/11, ndipo ngati kukadali kachisisira ikani kamera pa tripod, choimikira cha miyendo itatu. White balance, yomwe imatchera mitundu ya chithunzi, muichotse pa auto muiike pa daylight (kuwala kwa masana), apo ayi kamera idzayesa "kukonza" kufiira komwe mwadzukira usiku kuti mukakupeze. Ngati mukujambula ndi foni, dinani pa mbali yowala, kokerani pansi kachizindikiro ka dzuwa, ndipo zimitsani HDR ngati foni yanu ikulola, chifukwa ntchito yake n'kuwalitsa mithunzi yomwe inu mukuifuna.

Musachedwe pa Dune 45, chifukwa Deadvlei ikukudikirani. Tara ikatha pamatsala makilomita pafupifupi 5 a mchenga wozama wofuna 4x4, ndipo mungakwere galimoto zonyamula alendo zomwe zimakhala pamenepo. Mukatsika mumayendanso wapansi pafupifupi kilomita imodzi. Deadvlei ndi chigwa cha dongo loyera long'aluka, momwe mwaima mitengo yaminga imene inafa zaka mazana angapo zapitazo, mchenga utatsekera madzi a mtsinje wa Tsauchab. Sinawole chifukwa kumeneko n'kouma kwambiri, inangoda ndi dzuwa. Pambali pake pali phiri la Big Daddy, lotalika mamita pafupifupi 325.

Apa kuwala kumachita zodabwitsa kwa kanthawi kochepa. Mamawa, pansi pa chigwa pamakhala pakadali mumthunzi pamene phiri la tsidya lina layaka kale ndi dzuwa. Dongo loyera lija limatenga mtundu wa thambo n'kuoneka lobiriwira ngati madzi, mitengo ili bii, kumbuyo kwake khoma lofiira lopanda thambo. Anthu akaona chithunzi chotere amalumbira kuti ndi chopenta ndi manja. Kuti muchipeze, khalani pansi kapena gwadani, kokerani lenzi mpaka thambo litachoka m'chithunzi, ndipo yendani pang'onopang'ono kumanja kapena kumanzere mpaka nthambi za mtengo wina zisaphatikane ndi za unzake. Mzere wa dzuwa umayenda pa dongopo mukuuona ndi maso. Ukangofika pa mitengo, chithunzi chimenecho chapita mpaka mawa. Mitengoyo musaigwire kapena kuitsamira, n'koletsedwa, ndipo ikathyoka palibe ina idzamere m'malo mwake.

Dzuwa likafika paliwombo, bwezani kamera m'chikwama, imwani madzi. Ngati manja akuyabwabe, pitani ku Sesriem Canyon pafupi ndi chipata, chigwembe chakuya mamita pafupifupi 30 chomwe Tsauchab yemweyo anakumba. Kumeneko kuwala kwa masana n'kumene kumafika pansi, n'kumanjanja kuchokera khoma lina kupita linzake. Dzina lakuti Sesriem ndi la Chiafrikaans, limanena za zingwe zisanu ndi chimodzi zachikopa zimene apaulendo akale ankalumikiza kuti atunge madzi pansipo.

Madzulo bwererani ku mapiri omwe aja. Mbali imene inali yakuda mamawa ndi imene yayaka tsopano, ndiye ndi chithunzi china ngakhale mwaima pamalo omwewo. Vuto la madzulo ndi mapazi a anthu omwe adinda msana wonse wa phiri, mpaka mphepo yausiku idzawafafanize. Yang'aniraninso wotchi, chipata chili ndi nthawi yake yotseka ndipo mtunda uja sunafupike.

Mukadzuka n'kupeza chifunga, musabwerere kukagona. Chimachokera ku nyanja ya Atlantic komwe madzi ozizira oyenda m'nyanjamo, otchedwa Benguela, amakumana ndi mpweya wofunda, ndipo nthawi zina chimalowa mpaka mkati mwa chipululu. Dikirani pomwe chikuyamba kung'ambika, nsonga zofiira zikutulukira pamwamba pake. Lenzi yokha musinthire m'galimoto mawindo ali otseka, chifukwa mchenga wa kumeneko ndi wosalala ngati ufa, ndipo ukalowa mkati mwa kamera mudzaona timadontho pa thambo la chithunzi chilichonse mpaka mutakaitsukitsa.