Momwe mungagulire zovala za nyengo yachisanu n'kutchena bwino ndi ndalama zochepa

Chisanu chikangogogoda, ambiri timathamangira juzi iliyonse yokhuthala imene maso agwerapo, kenako timadabwa kuti tikunjenjemerabe pomwe ndalama zapita. Chimene chimafunditsa munthu si kukhuthala kwa chovala kokha kapena kukwera kwa mtengo wake. Thupi limadzipangira lokha kutentha, ndipo ntchito ya chovala ndi kutsekera mpweya wofundawo pafupi ndi khungu kuti mphepo isaulande. Mukagwira mfundo imeneyi, kagulidwe kanu kasintha, ndipo thumba lipuma.

Choyamba, tulutsani zonse zomwe muli nazo

Musanapite kogula, khuthulani sutikesi ndi wadiropu, muyale zonse pabedi. Yezani chimodzichimodzi. Jekete yomwe munaitaya mtima chifukwa zipi inafa imangofuna telala, ndipo zipi yatsopano ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi jekete yatsopano. Mukatero lembani zomwe zikusowadi. Nthawi zambiri sizipitirira zinthu 3 kapena 4. Lembaninso ndalama zomwe mwakonzeka kugwiritsa ntchito, ndipo mutenge zokhazo.

Chachiwiri, ganizirani zovala zosanjikiza

Zovala zitatu zopyapyala zimafunda kuposa chimodzi chokhuthala, chifukwa pakati pa chilichonse pamatsekeredwa mpweya. Cham'kati, vesiti kapena malaya a manja aatali ogwira thupi, chimachotsa thukuta pakhungu. Chapakati, juzi kapena chovala cha nsalu yopepuka yofunda yotchedwa fleece, ndicho chimasunga kutentha. Chakunja, jekete kapena jasi, chimatchinga mphepo ndi mvula. Ubwino wina ndi woti dzuwa likatuluka masana mumangovula chimodzi, osati kupirira thukuta m'chijasi mpaka madzulo. Ndipo chifukwa zam'kati siziwoneka kwenikweni, apa ndi pomwe mungasunge ndalama pogula zotchipa.

Chachitatu, werengani lebulo musanafunse mtengo

Apa ndi pomwe ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amaluza. M'kati mwa chovala, kawirikawiri pamsoko wa m'mbali kumanzere, mumakhala kansalu kolembedwa ulusi womwe anapangira. Majuzi awiri amatha kufanana maonekedwe koma n'kusiyana kutali pa kafundidwe.

Ubweya wa nkhosa, womwe pa lebulo amalemba kuti wool, ndiwo mfumu ya chisanu. Ulusi wake ndi wopotanapotana, choncho umasunga mpweya wambiri, komanso umatha kuyamwa chinyezi chokwana pafupifupi 30 peresenti ya kulemera kwake usanayambe kumveka kunyowa. Sugwiranso msanga fungo la thukuta, moti simufunika kuuchapa pafupipafupi. Ukakhala wa nkhosa za mtundu wa Merino, zomwe zinachokera ku Spain, ulusi wake ndi wosalala ndipo suyabwa pakhungu. Mukaona chizindikiro cha Woolmark, kachithunzi kooneka ngati mpukutu wa ulusi komwe kanayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1964, dziwani kuti ubweyawo unayesedwa.

Thonje, lomwe amalemba kuti cotton, ndi labwino pa kutentha koma pa chisanu limakhumudwitsa. Likanyowa ndi thukuta limachedwa kuuma ndipo limayamba kukuzizirani pathupi. Acrylic imaoneka ngati ubweya ndipo ndi yotchipa, koma imafunda pang'ono komanso imatulutsa timibulu msanga m'khwapa ndi m'mikono. Fleece, nsalu ya polyester yomwe kampani ya Malden Mills ya ku Massachusetts inayamba kupanga mu 1979, ndi yopepuka, yofunda, imauma msanga, ndipo kwa munthu wa ndalama zochepa ine ndimaiyika pambuyo pa ubweya penipeni. Vuto lake ndi loti mphepo imadutsamo, ndiye imafuna jekete pamwamba. Musaiyandikitsenso kumoto, imasungunuka.

Simukusowa ubweya wa 100 peresenti. Juzi ya theka ubweya theka ulusi wina imafunda bwino ndipo imalimba pochapa. Lebulo ikakhala kuti inadulidwa, finyani nsaluyo m'manja n'kuisiya. Ubweya umabwerera msanga popanda makwinya.

Chachinayi, ikani ndalama zambiri pa jekete imodzi

Pa nyengo yozizira, anthu amaona jekete, sikafu ndi nsapato zanu basi. Choncho ngati pali pomwe muyenera kulimba mtima, ndi pa jekete. Werengerani motere: yovalidwa masiku 60 pachaka kwa zaka 4 ndiye kuti mwaivala ka 240. Ina yotchipa ndi theka koma yong'ambika mutaivala ka 30 ndiyo yakudyerani ndalama.

Poyeza, valani juzi m'kati monga momwe muzidzavalira. Msoko wa paphewa ukhale pomwe phewa lanu lathera. Telala amatha kufupikitsa mikono kapena kuchepetsa m'chiuno mosavuta, koma kukonza mapewa ndi ntchito yovuta komanso yodula, ndiye jekete yosakwana pamapewa isiyeni ngakhale ikongole bwanji. Kwezani manja, pindani mikono ngati mukukumbatira munthu, khalani pansi. Ikakukokani kumsana, yathina.

Kenako itembenuzeni. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Onani nsalu yam'kati, makamaka m'khwapa ndi m'matumba. Kokani msoko pang'ono. Ulusi ukamaoneka kutakasuka, sichedwa kusomboka. Tsekani ndi kutsegula zipi kangapo. Zipi zolembedwa YKK, za kampani ya ku Japan, zimadziwika ndi kulimba, ndipo kuipeza pachovala nthawi zambiri kumasonyeza kuti wosoka sanachite zachidule.

Chachisanu, sankhani nthawi ndi malo ogulira

Zovala zofunda zimakwera mtengo chisanu chikamayamba ndipo zimatsika chikamatha, pomwe ogulitsa akufuna malo oika katundu wa nyengo ina. Jekete ya chaka chamawa iguleni chaka chino kumapeto kwa nyengo.

Musanyoze kaunjika. Majasi a ubweya weniweni, omwe atsopano ake ambiri sitingawakwanitse, amapezeka kumeneko, kungoti pamafunika kudekha. Yang'anitsani juzi kumene kuli kuwala kuti muone timabowo ta njenjete. Nunkhizani, fungo la nkhungu limavuta kuchoka. Batani losowa kapena mpendero womasuka zisakubwezeni, zikhale chifukwa chonenerera mtengo. Koma banga lakale la mafuta ndi bowo la pachigongono, zisiyeni. Amayi, yang'ananinso mbali ya zovala za abambo, majuzi ake kawirikawiri amakhala okhuthala bwino. Ngati mukugula pa intaneti, musadalire zilembo za S, M ndi L chifukwa zimasiyana malinga ndi kampani. Yezani chifuwa ndi mkono ndi tepi, mufunse miyeso ya chovalacho, ndipo mudziwiretu ngati amalola kubweza.

Chachisanu ndi chimodzi, kutchena kwake

Zinthu zikuluzikulu, jekete, thalauza, siketi ndi nsapato, zikhale za mitundu yosakangana: yakuda, yotuwa, yabulauni, yabuluu wodera. Zoterezi zimagwirizana ndi chilichonse, moti majuzi 3, mathalauza 2 ndi jekete imodzi zimakupatsani kavalidwe ka mitundu 6 musanasinthe n'komwe sikafu. Mtundu wowala ubwere ndi tinthu totchipa. Sikafu yofiira kapena yachikasu pa jasi lotuwa imasintha munthu yense.

Chinthu china chomwe ndimachiona kuti chimasiyanitsa wotchena ndi wongodzikundikira zovala ndi kulinganiza kukula kwake. Pamwamba pakakhala potakasuka, pansi pakhale pogwira thupi. Juzi yaikulu imayenda ndi jinzi yowongoka. Thalauza lotambalala limafuna juzi yogwira, yopisiridwa pang'ono kutsogolo. Jasi lalitali likakumezani, mangani lamba m'chiuno. Kolala ya malaya oyera ikasuzumira pakhosi pa juzi, ndipo mapeto a mikono yake n'kuonekera pang'ono, munthu amaoneka wadongosolo ngakhale kuofesi. Diresi yanu ya nyengo yotentha musaitsekere m'sutikesi. Valani malaya a khosi lalitali m'kati, zothina za m'miyendo pansi ndi nsapato zotseka, mwapeza chovala china osagula.

Za chipewa, mwina munamvapo kuti theka la kutentha kwa thupi limatulukira kumutu. Si zoona, ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Komabe makutu, zala ndi mapazi ndizo zimayamba kumva kuzizira, choncho chipewa choluka, magolovesi ndi masokosi a ubweya zimachita zambiri pa ndalama zochepa. Nsapato zisathine mukavala masokosi okhuthala, chifukwa magazi akamavutika kuyenda mapazi amazizira kwambiri.

Pomaliza, chapani ndi kusunga mosamala

Ndinawonongapo juzi yabwino ya ubweya poiviika m'madzi otentha n'kuitikita mwamphamvu. Inafota mpaka kukwana mwana, ndipo zinandipweteka mtima chifukwa ndinaifunafuna nthawi yaitali. Ubweya ukakumana ndi kutentha komanso kutikitidwa, ulusi wake umakolana ndipo subwereranso. Chapani ndi madzi osapitirira madigiri 30, finyani mofatsa osapotokola, ndipo yanikani choyala pathaulo pamthunzi. Mukaipachika ili yonyowa imatalika ndi kulemera kwa madzi. Pa lebulo, kabeseni kokhala ndi dzanja kamatanthauza kuchapa pamanja, ndipo kachithunzi ka simbi kokhala ndi madontho awiri kakutanthauza kusita ndi kutentha kwapakatikati. Timibulu tichotseni ndi lezala mopepuka, chovala chitayalidwa patebulo.

Chisanu chikatha, chapani zonse musanasunge, chifukwa mphutsi za njenjete zimakonda ubweya wokhala ndi thukuta ndi zotsalira za chakudya. Majuzi apindeni, majekete apachikeni pa hang'ala yokhuthala kuti mapewa asapindike, ndipo zikhale pamalo ouma m'chikwama chotsekeka bwino. Juzi ya kaunjika yomwe mukuikayikira ikeni m'pulasitiki, muisiye mufiriza kwa sabata imodzi musanaiphatikize ndi zinzake.