Onga muthire wochuluka bwanji? Kopeza manambala odalirika podzaza zipolopolo za pisito

Ngati mwayamba kudzaza nokha zipolopolo za pisito pakhomo (ndikunena amene malamulo akwanu amalola ndipo zikalata muli nazo), funso loyamba limakhala la muyezo wa onga. Ine ndimangonena chimodzi basi, nambala imeneyo ichokere kwa anthu amene anayeza pulesha ndi makina, osati kwa mkulu wina wa pa Facebook amene akuti "ine ndathira chonchi zaka 20 palibe chinachitika". Mfuti yake si yanu.

Yambirani kwa opanga onga eni ake. Hodgdon ali ndi Reloading Data Center pa intaneti, yaulere, muli onga wa Hodgdon, IMR ndi Winchester. Alliant ndi Vihtavuori ya ku Finland nawonso amatulutsa deta yawo. Kenako mabuku a Lyman, Hornady kapena Speer, koma gulani latsopano, osati lakalekale losiyidwa ndi agogo. Fananizani malo awiri kapena atatu ndipo musadabwe akasiyana, aliyense anayezera pa mpope wa mfuti wake ndi mutu wa chipolopolo wake. Zikasiyana tsatani yotsikayo.

Chifukwa chake n'choti mtundu uliwonse wa chipolopolo uli ndi malire ake a pulesha. SAAMI, bungwe la ku America lomwe linayamba mu 1926, linaika 9mm Luger pa 35,000 psi (muyezo wa pulesha), .45 ACP pa 21,000 pomwe .38 Special ndi 17,000 yokha. Ku Ulaya amatsata bungwe lina lotere, la CIP. Ndiye taganizani munthu watenga nambala ya .357 Magnum n'kuthira mu .38 Special poti mutu wake ndi wofanana kukula, mfuti yakale singapirire zimenezo. M'mabuku, pa deta ya .45 Colt palinso tsamba lolembedwa kuti ndi la mfuti zolimba za Ruger zokha, ambiri amangolumpha mawu amenewo.

Apa ndi pomwe anthu amapusira kwenikweni: mzere wa deta umayenda wonse pamodzi. Dzina la onga, kulemera kwa mutu, kaya ndi wa mtovu wokhawokha kapena wokutidwa ndi kopa, pulaima (kachitsulo ka pansi pa chipolopolo koyatsa onga), komanso kutalika kwa chipolopolo chikatha. Mu 9mm malo amkati ndi ochepa zedi moti mukangokankhira mutu mkati pang'ono kuposa momwe alembera pulesha imakwera koopsa, onga uli womwewo. Mayina nawo amasokoneza, Clays, Universal Clays ndi International Clays ndi onga atatu osiyana ngakhale onse ndi a Hodgdon. Ndipo sikelo ikhale pa grain (muyezo waung'ono woyezera onga) osati gramu, gramu imodzi ndi ma grain opitirira 15.

Yambani pa muyezo woyambira, dzazani zochepa, yesani, kenako muzikwera pang'onopang'ono osapyola nambala yomaliza. Akangopereka yomaliza yokha mwambo wake ndi kuchotsako 10 peresenti, kupatula onga ngati H110 ndi W296 amene safuna kuchepetsedwa kwambiri, tsatani zomwe alemba. Zoti muziyang'ana pulaima ngati yaphwatalala musazidalire kwambiri pa pisito, nthawi zina chizindikiro chimabwera mutapyola kale. Chronograph, kachipangizo koyeza liwiro, imathandizako, liwiro likaposa la m'buku pa muyezo womwewo imani kaye.

Onga wopsa msanga ngati Bullseye umangokhala pansi penipeni mu khesi (chigoba cha chipolopolo) ya .38 Special, mukhoza kuthira kawiri osazindikira. Ine ndimandandalika makhesi onse pa thabwa lake, kutenga tochi n'kusuzumira imodziimodzi ndisanaike mitu, yomwe ikuoneka yodzaza kuposa anzake kapena yopanda kanthu ndimakhuthula. Pa tebulo pazikhala botolo limodzi lokha la onga. Ndipo pokawombera mukamva kaphokoso kofooka kuti "phwi" osawomberanso, chotsani zipolopolo muone mu mpope, mwina mutu watsakamira m'menemo.

Pa bokosi lililonse matani kapepala kolemba deti, onga, muyezo, mutu, kutalika ndi komwe munatenga nambalayo. Wina akakupatsani onga wa m'botolo lopanda dzina mukaneni, palibe buku lomwe lili ndi deta yake.