Kupanga makhadi a osewera mpira akale ndi kuwasayinitsa kuno ku Mzuzu

Kumaiko akunja mwana amangogula paketi ya zithunzi za osewera pagolosale, ndipo kampani ya Panini yakhala ikutulutsa za World Cup kuyambira 1970. Koma khadi la Kinnah Phiri kapena Young Chimodzi, zungulirani msika wa Taifa tsiku lonse, mubwerako chimanjamanja. Choncho makhadi a Flames ndimapanga ndekha kunyumba kwanga ku Chibavi, kenako n'kupita nawo kwa eni ake kuti asayinepo. Khadi liyambe, siginecha ibwere pambuyo. Munthu wamkulu amene anaseweretsa mwendo wake chifukwa cha dziko simungamupatse kapepala kothothola m'kope.

Sankhani gulu limodzi, musamwaze mphamvu. Ine ndinasankha timu ya 2010, imene inathira Algeria zigoli 3 kwa duu pa Africa Cup of Nations mumzinda wa Luanda pa 11 Januwale, zigoli za Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda, kochi ali Kinnah, kaputeni ali Peter Mponda. Wina atha kutenga anyamata amene anapambana chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979, kapena amene anakasewera koyamba Africa Cup of Nations ku Ivory Coast mu 1984. Akalewa ndiwo ofunika changu. Mmodzi wa iwo, Jack Chamangwana, anatisiya mu 2018, ndipo amene sanamusayinitse ali moyo sadzamusayinitsanso. Okonda ntchemberembaye, Mary Waya ndi Mwai Kumwenda akuyenera makhadi ngati wina aliyense.

Muyezo wa khadi padziko lonse ndi mainchesi 2.5 m'lifupi ndi 3.5 m'litali, kapena kuti masentimita 6.4 ndi 8.9. Tsatirani muyezowu chifukwa timatumba ta pulasitiki tosungira makhadi timapangidwa motero. Konzani khadilo pafoni, pa Canva kapena pulogalamu ina iliyonse. Chithunzi chikhale pamwamba, dzina pansi, ndipo musiye malo owala opanda cholembedwa chilichonse, oti munthu asayinepo. Ambiri amadzaza khadi lonse ndi mbendera, malawi a moto ndi nyenyezi, siginecha n'kusowa pokhala. Kumbuyo lembani matimu amene anasewerako, malo ake m'bwalo ndi zaka, koma zokhazo zimene mwatsimikiza. Chaka chimodzi cholakwika mwini wake amachiona asanatsegule n'cholembera chomwe.

Posindikiza, musalipire khadi limodzilimodzi. Pepala wamba la zithunzi la mainchesi 4 ndi 6, lomwe ma studio a m'tauni amatsukira zithunzi zaukwati, limakwana makhadi awiri mutawagoneka moyandikana. Pemphani pepala losanyezimira. Lonyezimira lija inki imatereka, siginecha n'kupakika ndi chala. Ngati ali ndi lonyezimira lokha, pukutani pamalo osayinapo ndi labala yoyera musanapite nalo. Matani nkhope ndi msana wa khadilo pa manila ndi guluu wa kamtengo, osati wamadzi chifukwa amakwinyitsa pepala, tsinjikani ndi mabuku usiku wonse, m'mawa dulani ndi rula yachitsulo ndi lezala yatsopano. Sizasi imakhotetsa m'mphepete.

Chithunzicho chili ndi mwini, ndiye amene anajambula. Khadi losunga m'nyumba ndi lina, logulitsa ndi linanso. Mukafuna kugulitsa, pemphani chilolezo kwa wojambula ndi kwa wosewera yemwe. Nkhani za umwini woterewu amaziyang'anira ndi a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso m'dziko muno.

Tsopano kusayinitsa. Pa Mzuzu Stadium, Moyale Barracks ikamalandira Bullets, Wanderers kapena Silver, yang'anani pa benchi: makochi ndi othandizira awo ambiri ndi osewera akale. Musawapite masewera asanayambe, mitu imakhala ili kwina. Dikirani athe, ndipo ngati timu yawo yagonja, bwezani khadi m'thumba mudzayese ulendo wina. Yambani ndi moni, "Bambo, muli bwanji," kapena "Monire adada" ngati ndi wa kuno kumpoto, dzitchuleni dzina, muwaonetse khadi ndi manja awiri. Ine ndimapanga awiri nthawi zonse, lina n'kuwasiyira. Ambiri a iwo alibe ndi chithunzi chomwe cha masiku awo, ndipo akaliona khadi amayamba okha kufotokoza za masewera a tsikulo. Pamenepo musathamangire, mverani. Akakana, thokozani muzipita.

Cholembera tengani chanu, maka yosafufutika ya nsonga yowonda, ndipo muyiyese papepala lina kaye. Pa pulogalamu yakale ya masewera kapena chithunzi cha m'nyuzipepala gwiritsani bolopeni, chifukwa maka imalowerera mpaka kuseri. Inki iume musanalowetse m'kathumba. Tsiku lomwelo lembani m'kope deti, malo ndi masewera amene analipo, ndipo akalola jambulani akusayina. Umboni wake ndi umenewo. N'chifukwa chake siginecha yogula kwa munthu amene akungoti "anasayinira amalume anga" ine sindiitenga, pokhapokha ataonetsa chithunzi kapena kalata.

Mdani wamkulu kuno ndi chinyezi. Mvula ya ku Mzuzu imachedwa kusiya, Juni n'kubwera ndi nkhungu ndi mawawa, ndipo pepala losiyidwa m'sutikesi pansi pa bedi limachita nguwi ndi madontho ofiirira. Sungani makhadi m'bokosi la pulasitiki lotseka bwino, pamwamba, kutali ndi khoma lakunja, muponyemo timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano. Selotepu ayi, imasanduka yachikasu n'kudya pepala. Kupachika pabalaza pomwe pamafika dzuwa kumazilalitsa inki. Pachikani fotokope, lenilenilo likhale m'bokosi. Ndipo wa pa stationery akakuuzani kuti alimatire pulasitiki ndi makina otentha aja kuti likhalitse, kanani. Pulasitiki imeneyo ikamatirira sichokanso, ndipo wosonkhanitsa aliyense wodziwa zinthu khadi lotero salifuna.