Kusankha jenereta ya thanki ya nsomba ndi makorale

Malangizowa ndi a makasitomala a ku Zambia amene amagula zipangizo za thanki ya nsomba kuno ku Senga Bay, ku Salima. Alembedwera thanki ya madzi amchere yokhala ndi makorale, zamoyo za m'nyanja yamchere zooneka ngati miyala kapena zomera, koma malangizo ambiri akugwiranso ntchito pa thanki ya mbuna za m'nyanja yathuyi.

Malaiti akathima, choyamba kutha m'thanki ndi mpweya. Madzi aima, koma nsomba, makorale ndi tizilombo ta m'sefa zikupumabe, ndipo pakapita maola ochepa muona nsomba zili pamwamba kukamwa kuli yasa. Choncho zoyamba kulumikiza ku jenereta ndi pampu yobweza madzi ndi timapampu toyendetsa madzi m'kati. Nyale zidikire. Makorale amapirira mdima wa tsiku limodzi kapena awiri, koma madzi oima sawapirira.

Madzi akhale pakati pa madigiri 24 ndi 26. Mu June ndi July, mwera ukamaomba usiku, hita ndiye yofunika. Mu October ndi November ndi chiller, makina oziziritsa madzi, ndipo ameneyu ndi amene amavutitsa jenereta.

Werengani mawati olembedwa pa chipangizo chilichonse ndi kuwaphatikiza. Apa pali msampha. Chipangizo cha mota, makamaka chiller chifukwa cha kompresa yake, chimakoka mphamvu kuwirikiza kawiri kapena katatu pa kamphindi koyamba kaja chikamalira, kenako n'kutsika. Tinene kuti pampu yanu ndi ya mawati 60, timapampu tiwiri ta 20 kalikonse, skimmer (makina ochotsa zonyansa m'madzi ndi thovu) ya 25, chiller ya 400. Zonse zikuyenda ndi 525, koma chiller ikamayaka ikhoza kufuna 1,200 yokha, ndiye kuti jenereta ipereke pafupifupi 1,325 osatsamwa.

Pabokosi la jenereta nthawi zambiri mupeza kVA, muyeso wina wa mphamvu ya magetsi, osati mawati. Chulukitsani ndi 0.8 kuti musadzinamize: ya 2 kVA muiwerengere mawati 1,600. Yang'ananinso ngati nambalayo ndi ya mphamvu yopereka tsiku lonse kapena ya masekondi ochepa chabe, poti ogulitsa amakonda kulemba yaikuluyo ndi zilembo zonenepa. Chinanso chimene pepala la kufakitale limangotchula modutsa n'chakuti injini ya petulo imataya mphamvu pafupifupi 3.5 peresenti pa mamita 300 alionse okwera kuchokera pa nyanja yamchere. Kuno kunyanja tili pa mamita osafika 500, koma Lusaka ili pafupi ndi 1,280. Jenereta ya 1,600 ija ikafika kumeneko itsala ndi mawati ngati 1,360, ndipo pa chitsanzo chathu chija yangokwanira pang'onong'ono. Ine ndinganene kuti onjezerani ndalama mutenge ya 3 kVA, mugone tulo.

Sankhani ya mtundu wa inverter. Magetsi ake amatuluka osalala, osakwera ndi kutsika, pomwe majenereta wamba otchipa amatha kuotcha timakompyuta toyendetsa mapampu ndi nyale za LED. Imamwanso mafuta pang'ono katundu akachepa, ndipo phokoso lake aneba sangakudandaulireni kwambiri. Ikhale ya mavoti 230 ndi 50 Hz, monga magetsi a ZESCO ndi a ESCOM. Ya ku America ya mavoti 120 ndi 60 Hz, ngakhale m'bale wanu akupatseni ulere, siyoyenera.

Chenjezo: Jenereta isayatsidwe m'nyumba, m'galaja kapena pakhonde lotsekedwa. Iikidwe panja, pouma, mamita 6 kapena kuposerapo kuchokera pa zitseko ndi mawindo. Utsi wake uli ndi carbon monoxide, mpweya wosanunkha ndi wosaoneka umene umapha munthu ali m'tulo. Ambiri amailowetsa m'nyumba poopa akuba. Imangireni kakhola kazitsulo kopita mphepo, muikepo loko. Ikhalenso kutali ndi paipi ya skimmer yokoka mpweya, chifukwa utsiwo ulowa m'madzi.

Chenjezo: Musalumikize jenereta pa soketi ya m'khoma. Magetsi amabwerera ku mawaya a panja ndipo angaphe wokonza laini. Gwiritsani ntchito chingwe chokhuthala chopita ku thanki yokha, kapena katswiri wa zamagetsi wovomerezeka akuikireni swichi yosinthira.

Zothira oyilo ndi petulo zili m'kabuku. Chachikulu n'chakuti oyilo woyamba asinthidwe pakatha maola olembedwa m'kabukumo, kawirikawiri 20, ndipo musathire petulo injini ili yotentha. Petulo akakhalitsa amamata m'kabyuleta, ndiye jenereta muziiliza kamodzi pamwezi itanyamula katundu ndithu, ngakhale malaiti alipo.

Jenereta yokoka ndi chingwe siidziyatsa yokha. Malaiti akathima inu muli ku ntchito kapena kumaliro, thanki ili yokha. Gulani kapampu ka mpweya ka batire kodziyatsa kokha magetsi akapita, kapena ikani kapampu kamodzi koyendetsa madzi pa batire ndi inverter yosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba, kuti kagwirize mpaka wina afike. Amene amatsala pakhomo muwaonetse pokoka ndi pozimitsira, ayesere inu mukuona.