Msambo pambuyo pa mimba ya m'chubu

Mimba ikakhala kunja kwa chiberekero, kawirikawiri m'chubu chodutsamo dzira, chiberekero chimakonzekabe ngati mwana ali m'katimo, ndipo khoma lake lam'kati limakhuthala. Mimbayo ikachotsedwa, khomalo limayoyoka. Magazi amene mayi amaona masiku oyamba ndi amenewa: nthawi zambiri amakhala akuda, a timibulu, mwinanso ndi kachidutswa kooneka ngati nyama. Umenewu si msambo ayi. Kwa amene achitidwa opaleshoni, magaziwa amaleka pa sabata imodzi kapena ziwiri. Kwa amene abayidwa jakisoni wa methotrexate, mankhwala oletsa mimbayo kukula, magaziwa amatha kumadukizadukiza kwa masabata angapo.

Msambo weniweni umadikira kuti homoni ya mimba, hCG, itsike m'magazi. Pambuyo pa opaleshoni umabwera nthawi zambiri pakati pa masabata 4 ndi 6. Ndi jakisoni umachedwerapo, chifukwa hCG imatsika pang'onopang'ono. N'chifukwa chake achipatala amayeza magazi tsiku la 4 ndi la 7 pambuyo pa jakisoniyo, kuyang'ana ngati homoniyo yatsika ndi 15 peresenti pakati pa masiku awiriwo, kenako sabata iliyonse mpaka itatheratu. Musadumphe ulendo ngakhale umodzi. Kachipangizo koyezera mimba pamkodzo kakhoza kusonyezabe mizere iwiri nthawi yonseyi, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti mimba yabwerera.

Chimene ambiri amaphonya n'chakuti dzira limakhwima msambo woyamba usanaoneke. Mayi akhoza kutenga pakati asanaone ngakhale dontho. Amene analandira methotrexate ayenera kupewa mimba kwa miyezi 3, chifukwa mankhwalawa amalimbana ndi vitamini wotchedwa folic acid m'thupi ndipo angavulaze mwana wongoyamba kuumbika. Makondomu kapena njira ina yolera ziyambe nthawi yomweyo, osadikira msambo. Pa nthawi ya mankhwalawa musamwe folic acid, mowa kapena ibuprofen. Pa ululu, paracetamol ndiye woyenera. Achipatala akatsimikiza kuti hCG yatha, folic acid ayambikenso.

Msambo woyamba umasinthasintha. Ena umawabwerera wambiri ndi cham'mimba chopweteka kuposa kale, ena wochepa kwambiri, ndipo masiku amasokonekera kwa miyezi iwiri kapena itatu. Lembani pakalendala tsiku loyamba, kuchuluka kwa masiku ndi mapadi amene mwasintha. Ukakhazikika, uzibwera pakati pa masiku 21 ndi 35. Akadutsa masabata 8 chithandizo chitatha koma osauona, kayezetseni.

Amene anachotsedwa chubu chimodzi asade nkhawa kuti azisamba modumphitsa mwezi. Msambo umayendetsedwa ndi timatumba ta mazira, osati machubu, ndipo nthawi zambiri timatumbato timasiyidwa tonse tiwiri. Chubu chotsalacho chimathanso kutola dzira lochokera mbali inayo. Kamkokekoke kapena kuboola pang'ono pambali pa chinena pakati pa mwezi, nthawi yotuluka dzira, kumachitika, makamaka kumbali ya chipsera.

Koma pali ululu wosayenera kuupirira poganiza kuti ndi cham'mimba cha msambo. Chubu chikhoza kuphulika ngakhale mayi atabayidwa kale jakisoni, kapena ngati madokotala anangoching'amba n'kuchisiya, tizidutswa ta mimba n'kutsalira n'kumakula. Magazi amatayikira m'mimba osaoneka kunja. Ululu waukulu mbali imodzi, kupweteka kwa nsonga ya phewa, chizungulire, kukomoka, thukuta lozizira: thamangirani kuchipatala, ngakhale pakati pa usiku. Chimodzimodzinso ngati padi ikudzadza pa ola limodzi kwa maola awiri otsatizana, kapena thupi latentha ndipo chikazi chikununkha.

Mwa amayi 10 amene anakhalapo ndi mimba yotere, pafupifupi mmodzi imamuchitikiranso. Ndiye m'tsogolo msambo ukangochedwa, kapena ukabwera wachilendo, wochepa ndi wakuda, yezani mimba tsiku lomwelo. Ikapezeka, pemphani sikani pa masabata 6 kapena 7 kuti aone pamene yakhala.