Momwe mungakonzere ulendo wa ku Kerala: ngalande za Alappuzha ndi doko lakale la Kochi

Amalawi ambiri amene amafika ku India amapitira chipatala kapena sukulu, ndipo amabwerako akungodziwa phokoso la Delhi ndi Mumbai. Kummwera chakumadzulo kwa dzikolo kuli chigawo cha Kerala, kumene nyanja, mitsinje ndi ngalande zinalukana moti m'midzi ina ana amapita kusukulu pa boti. Sabata imodzi ikukwanirani ngati mwakonza bwino. Langizo langa lalikulu ndi ili: musathere ndalama zanu zonse pa boti lalikulu logonamo limene mumaliona pa zithunzi. Zokoma zenizeni zili m'ngalande zopapatiza, momwe mumalowa bwato laling'ono lokha.

Choyamba, sankhani mwezi

Mvula yamphamvu imayamba cha kumayambiriro kwa June n'kupitirira mpaka September, ndipo si mvula yamasewera. Mu August 2018 madzi anasefukira m'chigawo chonse, anthu mazana anafa, ndipo bwalo la ndege la Kochi linatsekedwa. Nthawi yabwino ndi kuyambira November mpaka February, pamene kutentha kumachepako. Sabata ya Khrisimasi ndi chaka chatsopano mitengo imakwera kwambiri. Okonda mpikisano angalimbe mtima n'kupita nthawi yamvula, chifukwa mpikisano wa mabwato wa Nehru Trophy, umene unayamba mu 1952, umachitika cha mu August pa nyanja ya Punnamada ku Alappuzha, ndipo bwato limodzi lalitali limapalasidwa ndi amuna pafupifupi 100.

Mapepala ndi ndalama

Pasipoti yanu ikhale yoti ili ndi miyezi isanu ndi umodzi isanathe, komanso masamba awiri osadindidwa. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ali m'gulu la mayiko amene nzika zake zimatha kupempha viza ya alendo pa intaneti. Lowani pa tsamba la boma lenileni, indianvisaonline.gov.in, osati masamba ofanana nalo amene amakulipiritsani ndalama zowonjezera. Pemphani kusanatsale masiku anayi. Ngati pali chokayikitsa, ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe ilipo.

Ngati mudzadutsira ku Addis Ababa kapena Nairobi, nyamulani khadi lachikasu la katemera wa yellow fever, pakuti India salekerera pa nkhani imeneyi. Funsaninso za katemera wa poliyo. Nkhani ya ndalama zakunja muyiyambe msanga kubanki kwanu. Tonse tikudziwa mmene dola imavutira kupeza. Ku India anthu ambiri amalipira ndi foni, koma njira imeneyi kawirikawiri imadalira akaunti ya kubanki ya komweko, choncho mlendo ayende ndi marupi m'thumba, makamaka ang'onoang'ono olipirira boti ndi njinga zamoto za matayala atatu.

Ndege

Palibe ndege yochoka ku Lilongwe kapena Blantyre molunjika ku India. Mutha kudutsira ku Addis Ababa kapena Nairobi kukafika ku Mumbai, kenako n'kukwera ndege ya m'dziko momwemo mpaka Kochi. Amene ali ku Johannesburg, Lusaka kapena London angadutsire ku Dubai kapena Doha. Yesetsani kugula tikiti yoti mukatere ku Kochi koma pobwerera mudzanyamukire ku Thiruvananthapuram, kuti musabwerere njira yomweyo. Nthawi ya kumeneko ili patsogolo pa ya ku Malawi ndi maola atatu ndi theka. Magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu, koma masoketi a magetsi ndi osiyana, ndiye gulani adaputala.

Masiku awiri ku Fort Kochi

Musagone m'tauni yatsopano ya Ernakulam. Pezani chipinda ku Fort Kochi, mbali yakale, kumene malo onse ofunika mumafikako wapansi. Yambani m'mamawa kugombe, komwe kuli maukonde aakulu olendewera pa mitengo, amene amatchedwa a ku China. Amuna angapo amakoka zingwe zomangiriridwa miyala, ukonde n'kutuluka m'madzi pang'onopang'ono. Masiku ano nsomba zimakodwa zochepa, ndipo asodziwo amadalirako kangachepe kochokera kwa alendo ojambula. Mukajambula, apatseni.

Kuchoka pamenepo pitani ku tchalitchi cha St Francis, chimene Apwitikizi anayamba kumanga mu 1503. Mkati mwake muli mwala wosonyeza pamene anaika Vasco da Gama, amene anamwalira ku Kochi pa 24 December 1524. Patapita zaka pafupifupi 14 mafupa ake anawatengera kwawo ku Portugal. Kwa ife a kuno, mwala umenewu si nkhani ya kutali. Pa ulendo wake wa mu 1498, munthu ameneyu anaima pafupi ndi Quelimane, anaimanso pa chilumba cha Mozambique, n'kukatenga wolondolera njira ku Malindi asanafike pafupi ndi Calicut, doko la ku Kerala, mu May. Chimene ankafuna ndi tsabola wakuda wa ku Kerala, ndipo njira ya tsabolayo ndi imene inakhazikitsa Apwitikizi pagombe la Mozambique, kenako n'kulowa mu Zambezi mpaka ku Sena ndi Tete. Muime pamenepo kwakanthawi. Adatchi analanda Kochi mu 1663, Angelezi n'kudzalanda mu 1795, ndipo aliyense anasiya nyumba ndi manda ake.

Tsiku lachiwiri likhale la Mattancherry, dera loyandikana ndi Fort Kochi. Nyumba yachifumu ya kumeneko anamanga ndi Apwitikizi cha m'ma 1555 ngati mphatso kwa mfumu ya Kochi, ndipo makoma ake ali ndi zithunzi zakale za nthano za Chihindu. Chapafupi pali sunagoge wa Paradesi wa mu 1568, amene pansi pake anayalapo matailosi abuluu ojambulidwa pamanja ochokera ku China. Konzani kuti tsiku limeneli lisakhale Lachisanu kapena Loweruka: nyumba yachifumu imatseka Lachisanu, sunagoge satsegulira alendo Loweruka. Madzulo kaonereni gule wa Kathakali, koma fikani ola limodzi asanayambe kuti muone ovina akudzipenta nkhope, ntchito imene imatenga nthawi yaitali kuposa guleyo amene amaonetsa alendo.

Tsopano m'madzi: Alappuzha

Alappuzha, imene ambiri amaitchulabe Alleppey, ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 55 kummwera kwa Kochi, ndipo sitima ya pamtunda imafikako mosavuta. Pano ndi pamene muyenera kuganiza bwino.

Maboti ogonamo amatchedwa kettuvallam. Kale ankanyamula mpunga ndi zokometsera zakudya kupita kudoko, ndipo matabwa ake ankamangidwa ndi zingwe za makoko a kokonati popanda msomali. Misewu itabwera ntchito inatha, eni ake n'kuwasandutsa nyumba zoyandama zokhala ndi chipinda, chimbudzi ndi wophika. Kawirikawiri mumakwera masana, n'kutsika m'mawa wotsatira cha m'ma 9 koloko. Chimene ogulitsa maulendo satchula n'chakuti cha m'ma 5:30 madzulo maboti onse amakocheza, kuti asodzi atchere maukonde usiku. Ndiye pa maola onse amene mwalipira, oyenda ndi ochepa. Usiku umodzi ndi wokwanira.

Musalipire boti musanalione. Pitani padoko, lowani, tsegulani mpope wa kubafa, nunkhizani matiresi, funsani kuti makina oziziritsa m'chipinda amayaka maola ati, chifukwa ambiri amayatsa usiku wokha. Onetsetsani kuti lili ndi laisensi ndi majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ana omwe. Izi sizongonena. Mu May 2023 boti la alendo lodzaza mopitirira muyeso linatembenuka ku Tanur, kumpoto kwa Kerala, anthu 22 n'kufa. Mukaona anthu achuluka, tsikani.

Ndalama zimene mwapulumutsa, lembani nazo munthu wa bwato laling'ono kwa maola atatu kapena anayi m'mamawa. Iye adzakulowetsani m'ngalande za Kuttanad, dera limene alimi amalima mpunga m'minda yotsika kuposa nyanja yamchere. Mukakhala m'bwato mudzaona madzi ali pamwamba, munda uli m'munsi kuseri kwa khoma la dothi, ndipo mapampu akutulutsa madzi m'mundamo. Bungwe la FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, linazindikira ulimi umenewu mu 2013 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Pakhomo lililonse pali masitepe amiyala otsikira m'madzi: apa mayi akumenyetsa chovala pamwala, apo mwamuna akudutsa ndi bwato lodzaza nsomba akuitanira malonda, kwinaku khamu la abakha likuwetedwa ndi munthu wa nsungwi yaitali. Amenewa ndi makomo a anthu, choncho musajambule munthu akusamba. Namasupuni amene amativutitsa mu Shire mudzamupezanso kumeneko atatseka ngalande zina.

Palinso maboti a boma onyamula anthu wamba. Lochoka ku Alappuzha kupita ku tauni ya Kottayam limatenga maola awiri ndi theka pa mtengo wochepa kwambiri, likuima mudzi ndi mudzi. Kwa amene thumba lachepa, limeneli lokha likukuonetsani zambiri.

Udzudzu ulipo, makamaka dzuwa likamalowa, ndipo matenda a dengue, amene amafalitsidwa ndi udzudzu, amapezeka m'derali. Dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu, valani za manja aatali, imwani madzi a m'botolo.

Zakudya

Itanitsani karimeen pollichathu, nsomba yokutidwa m'tsamba la nthochi pamodzi ndi anyezi, tomato ndi tsabola n'kuwotchedwa pa chiwaya. Karimeen ndi ya banja limodzi ndi chambo chathu, ndipo mudzazindikira mukangoiboola. Kappa ndi chinangwa chophika chimene amadyera nsomba ya msuzi wofiira. Tsabola wake ndi woopsa, ndiye nenani msanga ngati simumulimba. M'mawa kuli appam, chikondamoyo chofewa cha ufa wa mpunga ndi mkaka wa kokonati. Amadya ndi dzanja lamanja, zimene sizingativute.

Kumalizira kugombe

Kwerani sitima ya pamtunda kupita kummwera ku Varkala, kumene gombe lili pansi pa phompho lofiira. Mafunde ake amakoka, ndiye sambirani pokhapo pali alonda ndi mbendera. Mbali ina ya gombeli ndi yopatulika: mabanja achihindu amabwera kudzachita mwambo wa abale awo omwalira, choncho valani modzilemekeza mukamadutsa. Makilomita ochepa kummwera kuli linga la Anchuthengu, limene kampani ya Angelezi ya East India inamanga m'zaka za m'ma 1690, lili pakati pa mudzi wa asodzi ndipo alendo ambiri salifika. Kuchoka ku Varkala kupita ku bwalo la ndege la Thiruvananthapuram, dzipatseni maola awiri a pamsewu. Tsabola wakuda ndi zokometsera zina mugule zomata m'mapaketi a m'sitolo, ndipo muziike m'chikwama chachikulu.