Momwe mungakonzere khoma la nyumba yakale yamiyala popanda kuliwononga

Nyumba zakale za pafamu zomangidwa ndi miyala zimakhala ndi makoma ochindikala, kawirikawiri theka la mita kapena kuposa. Amisiri ankayala miyala ikuluikulu mbali zonse ziwiri, pakati n'kudzazapo zidutswa, ndipo matope ake anali a laimu kapena dothi. Simenti ya Portland inabwera mochedwa: Joseph Aspdin anailembetsa ku England mu 1824. Laimu amamwa chinyontho n'kuchitulutsanso kudzera m'mipata ya pakati pa miyala. Mukamata mipatayo ndi simenti, madzi amasowa potulukira ndipo mwala wofewa umayamba kunyenyeka. Zimandiwawa kuona nyumba zambiri zikuwonongeka m'manja mwa anthu amene ankafuna kuzisamala.

Yambani ndi madzi. Tsekani pamene denga likudontha, tsegulani ngalande, ndipo chotsani dothi limene launjikana m'munsi mwa khoma. Jambulani zithunzi musanasunthe mwala uliwonse. Funsaninso ngati nyumbayo ili m'gulu la nyumba zotetezedwa ndi lamulo, chifukwa m'mayiko ambiri zoterozo sizikonzedwa popanda chilolezo.

Kenako gobani matope ofumbutuka okhaokha, ndi tchizulo ndi hamala. Olimba asiyeni. Makina odulira musayerekeze, amabenthula m'mphepete mwa miyala. Mpata ukakhala wa masentimita 2, kumbani kulowa m'kati masentimita 4, sesani fumbi, n'kuwazamo madzi.

Sakanizani muyezo umodzi wa laimu ndi miyezo itatu ya mchenga wamaseremasere. Valani magolovesi ndi magalasi, laimu amawotcha khungu ndi maso. Matopewo akhale olimbirako, oti mukawaumba m'dzanja asayenderere. Akanikizeni mpaka kumapeto kwa mpata, ndipo pozama muziika pang'onopang'ono. Musapake pankhope ya mwala, matope athere m'kati pang'ono kuti mwala uzioneka.

Apa m'pofunika kudekha. Laimu amalimba poyamwa mpweya wa carbon dioxide, ndipo izi zimatenga nthawi. Akauma msanga amang'ambika n'kuyoyoka. Matope akayamba kugwira, moti chikhadabo chikungosiya kachizindikiro, agogodeni ndi bulashi yolimba kuti mchenga uonekere. Mukatero phimbani khomalo ndi ziguduli zonyowa, muzizinyowetsa kwa masiku angapo.

Khoma likafufuma kapena mng'alu ukamakulirakulira, kumata sikungathandize. Itanani injiniya wodziwa nyumba zakale adzaone maziko.